Wampatuko katatu nsima isanapse

Aphunzitsi a Sande sukulu atadwala, abusa anayang'ana uku ndi uku, maso awo n'kutera pa ine. Mutu wake: Utatu Woyera. Ndinavomera msangamsanga ngati katswiri, chonsecho mayeso a katekisimu ndinakhoza ulendo wachitatu.

Loweruka madzulo ndinayesera phunzirolo pa mwana wa mlongo wanga, wa ku yunivesite, amene amaphunzira semiotics, akuti maphunziro a zizindikiro. Ine ndinkayesa ndi zapamsewu zija.

"Taona," ndinayamba modzikhulupirira. "Ine ndine bambo kwa ana anga, malume kwa iwe, wangongole kwa mwini golosale. Munthu mmodzi, maudindo atatu."

"Amalume, ameneyo ndi Sabellius. Anam'chotsa mumpingo ku Rome cha m'ma 220."

Ndinasintha njira. Dzuwa, kuwala kwake, kutentha kwake.

"Mukati dzuwa linalipo kuwala kusanakhalepo, ndinu Arius. Mabishopu anam'kana ku Nicaea mu 325."

Apa ndinaloza kukhitchini, kumene mayi a kunyumba ankavundula nsima. Mafuwa atatu, mphika umodzi! Iyi ndiye yathu, Arius sanaionepo. Mwanayo anangopukusa mutu, akuti ndaduladula Mulungu m'magawo, pakuti fuwa limodzi si moto wonse. Nsima isanapse, ndinali nditakhala kale wampatuko katatu, ine mwini wopereka chakhumi mwezi ndi mwezi (kupatula nthawi ya feteleza).

Pondimvera chisoni, anandiuza za Charles Peirce wa ku America, amene ankati chizindikiro chimayenda ndi zinthu zitatu: chimene waonetsa, chimene chikuimiridwa, ndi chimene chabadwa m'mutu mwa woonayo.

"Zitatu! Ndiye Utatu umenewo!" ndinalumpha.

"Khalani pansi, amalume."

Chinanditonthoza n'chakuti Augustine wa ku Hippo, atalemba mabuku 15 pa nkhani yomweyi, anavomereza yekha kuti mawu a anthu amaperewera. Mabuku 15! Ine ndinali ndi usiku umodzi ndi tochi yakutha mabatire.

Lamulungu ndinanyamula dzira lowiritsa, mwana wa mlongo wanga uja asakudziwa. Ndinaliswa pamaso pa ana, n'kuwaonetsa chigoba, choyera ndi chachikasu. Ana onse ziii, maso tong'o. Mumtima ndinati Mzimu wagwira ntchito. Za mbali yachitatu ya Peirce ndinali nditaiwala.

Kamtsikana kakutsogolo kanakweza dzanja.

"Funsa, mwanawe, usaope."

"Aphunzitsi, mwabweretsanso mchere?"