Chilemekezeke Chizungu cha ku Nkhotakota

Ophunzira amachitcha chothyoka. Aphunzitsi akachimva amagwira mutu. Ine ndikuti chilemekezeke Chizungu chimene chimalankhulidwa m'mphepete mwa nyanja kuno, kuyambira pa Chia mpaka ku Dwangwa, pakuti chadyetsa mabanja ambiri kuposa madikishonale onse a m'masukulu athu.

Taimani pa mlatho wa Chia, mumsewu wa M5, galimoto la alendo likamachepetsa liwiro. Mnyamata watukula chambo chodontha madzi, akuthamanga nacho pambali pa zenera: "Flesh fish, my friend!" Ati walakwa, wasokoneza L ndi R. Walakwa pati? Chambocho si mnofu wokhawokha? Mayi wa mpunga nayenso amaitanira "lice", mawu amene ku London amatanthauza nsabwe, koma palibe mlendo amene anabwezapo thumba atamva fungo lake. Chichewa sichisiyanitsa zilembo ziwirizi pakamwa, ndipo Chizungu chinabwera kuno ngati mkamwini: chimalima munda umene eni mudzi achilozera.

Komanso anayamba kupotoza ndani? David Livingstone anakhala pansi pa mkuyu ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, amishoni a UMCA anakhazikika kuno mu 1894, koma anthu onsewo lilime linawakanika pa dzina la malo ano. Analemba "Kota Kota" pa mapu, pa makalata, ngakhale pa zikwangwani za boma kwa zaka zambirimbiri. Palibe anawapatsa chibalo chokumba dzenje. Ife tikungobweza ngongole, pang'onopang'ono, popanda chiwongoladzanja.

Ulemu wa Chizungu chathuchi ndiye musanene. Munthu akamadzuka pagulu kuti achoke amati "I am coming", mzungu n'kumangoyang'ana msana ukupita. Nanga anene kuti wapita ngati mwayambana? Mukapunthwa pa mwala, wodutsa amene sakukudziwani amati "sorry", ndipo simufunika kumuuza kuti mwalawo sanauike ndi iyeyo. Mng'ono wa bambo anu ndi "small father". Angerezi amangowaunjika onsewo m'dengu la "uncle", amalume ndi abambo aang'ono pamodzi, kenako n'kumadabwa kuti pa maliro palibe wodziwa woyenera kulankhula.

Koma mfumu ya ziganizo zonse ili ndi ana a pamchenga. Kamwana kamene sikanayambe Sitandade 1, kabudula ali m'chiuno mwa mwayi, kakaona mzungu kamatambasula dzanja: "Give me my money!" Sikapempha ndalama zake za mzunguyo ayi. Kakufuna zake. Akatswiri a mbiri yakale alemba mabuku onenepa onena za msonkho wa nyumba ndi thangata. Kameneka kamaliza mlandu wonse ndi mawu anayi, n'kubwerera kukasambira. Makolo ake amachita manyazi n'kukakalipira, ndipo mwina akulondola, koma loya wotere sapezeka wamba.

Chizungu chathuchi sichisankhanso kochokera mawu. Amatchona a ku Joni anatibweretsera "sharp" ndi "now now", mawu okoma amene kondakitala wa minibasi amakulonjezani nawo kunyamuka pamene mipando isanu ikadali yopanda anthu. Magetsi apamsewu ku Johannesburg ndi "robot", ku London ndi "traffic lights". Mafuta agalimoto ku America ndi "gas", ku Britain ndi "petrol". Amenewo akasiyana amati ndi kalankhulidwe ka kwawo. Tikasiyana ife, ati kusaphunzira.

Pamsewu wopita ku Kasungu pali Mtunthama, pamene Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy mu 1981 kuti ana alankhule ngati a ku Eton, Chilatini ndi Chigiriki pamwamba. Zabwino zonse kwa iwo. Koma Chilatini chonsecho sichinatsitsepo mtengo wa chidebe cha usipa, ndipo mwana wa msodzi amene amacheza ndi Ajeremani, Adatchi ndi Achimereka tsiku limodzi, onse n'kumvana naye, amakanizidwa satifiketi ya MSCE chifukwa cha phunziro la Chingerezi lomwelo.

Inu a mumzinda, mukamabwera ku Nkhotakota, Chizungu chanu chotulukira m'mphuno chija muzichisiya ku Lilongwe. Mukachitulutsa pamsika pano, mtengo wa chilichonse udzakwera kawiri, ndipo mudzalipira.