Ngongole mawa

Makampani amathira mamiliyoni pa zikwangwani za mumsewu wa Chipembere ku Blantyre, koma palibe choposa kakatoni kolembedwa ndi makala pa okala ya kwathu: "Ngongole mawa." Mukabwera mawalo, mupeza kakatoni kali pompo, sikanasinthe maganizo. Ngakhale Izeki ndi Jakobo sakanapeka nthabwala yokhalitsa chonchi.

Komatu suzumirani pansi pa kauntala. Pali kope lakuda bii ndi mayina. Agogo anatenga shuga ndi machesi, mayi wa kuseri kawokimani ka ufa, aphunzitsi sopo mpaka malipiro atuluke, ndipo tonse tikudziwa mmene malipirowo amayendera, mwaulemu ngati mkwatibwi.

Mukamufunsa mwini okala, amangonong'ona kuti kakatoniko analembera alamu ake.