Malangizo kwa Wofuna Mitala ya Intaneti

Inu bambo amene mwatopa ndi ukwati wa netiweki imodzi, ndipo mwalinga mumtima mwanu kutenga yachiwiri, kapenanso yachitatu yotsika kumwamba monga Starlink imene inafika m'dziko muno mu 2023, takhalani pansi mumve. Pakuti ngakhale Yakobo, mwamuna amene analimbana ndi mngelo kufikira mbandakucha, sanaupeze mtendere pakati pa Leya ndi Rakele.

Poyamba funani nkhoswe, ndiyo rauta yolandira zingwe ziwiri, monga zija za MikroTik, kuti izigawa katundu pakati pa akazi anuwo. Nkhoswe yopusa imagawa mosinthanitsa, uku mtolo uko mtolo, osalabadira kuti wina amasenza mamegabiti 30 pa sekondi pamene mnzake 10 okha amuthyola khosi. Koma yanzeru ipatsa wamphamvuyo mitolo itatu, wofookayo umodzi, ndipo pamudzi sipamveka kulira.

Musanyengedwe ndi masamu a kusukulu, poyesa kuti 30 ndi 10 adzakupatsani 40 pokoka filimu imodzi, chifukwa mtolo uliwonse uyenda njira imodzi kufikira utafika, ndipo phindu la mitala lioneka pokhapo pamene a m'nyumba ali ambiri, mayi ali pa WhatsApp, ana ali pa YouTube. Mukaumirira kung'amba kalata imodzi kuti theka lidzere uku theka uko, idzafika "tsalani bwino" ali patsogolo, "moni" akali m'njira, ndipo wolandirayo adzakhala chidikirire.

Chenjerani ndi banki, pakuti ili ngati apongozi a diso lakuthwa: ikakuonani mwalowa ndi adiresi ya IP ya kunyumba yaikulu, ndipo musanamalize kupereka moni mwatulukira ndi ya kunyumba yaing'ono, idzakuyesani mbala nikutsekerani chitseko ndalama zili m'manja. Uzani nkhoswe kuti nkhani za ndalama zizigona nyumba imodzi.

Ena amasunga wachiwiriyo kuti azingodikira tsiku limene wamkulu adzadwale. Ameneyu salima, satunga madzi, koma bando yake ya pamwezi amadya ndithu. Ngati mwasankha njira iyi, lamulani nkhoswe kuti pakapita timasekondi izipita kukachita odi kutali, monga pa 8.8.8.8 pa Google, pakuti kanyale kobiriwira kothwanima pa rauta kamangonena kuti chingwe chalumikizidwa, monga utsi wa padenga sutsimikiza kuti m'nyumbamo muli nsima.

Koposa zonse, fufuzani mtundu wa akaziwo musanapereke chamlomo. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo intaneti yathu yambiri imadzera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Tsono pa 12 May 2024, pamene zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zinaduka, ambiri amene ankadzitama ndi mitala anazindikira mochedwa kuti anakwatira pachibale, ana omwera chitsime chimodzi, ndipo onse anagona tsiku limodzi ndi nthenda imodzi.

Mukachita zonsezi mudzatchedwa munthu wanzeru, kufikira madzulo amene magetsi adzathime, nkhoswe nikomoka, inu nimutsala mumdima ndi ngongole ziwiri m'thumba, mukukumbukira kuti akuluakulu, amene sanaione rauta chibadwire, ananeneratu kuti mapanga awiri avumbwitsa.