Jekete Yopitira kwa Mlembi wa Msonkho

Munthu amene anakhalapo pa boma la Dedza, pamene nkhungu imatsika m'phiri m'mamawa n'kukuta mitengo ya paini pamodzi ndi madenga a malata kufikira dzuwa litakwera, adziwa kuti kuno jekete ndi mnzake wa munthu. Ndipo m'nyumba ya bambo aliyense wodzisunga mumapezeka majekete awiri, ina ya ku tchalitchi ndi ku ukwati, ina ya kudimba ndi kogona pamaliro. Koma ine, amene ndapenya mayendedwe a anthu a pano zaka zambiri, ndapeza kuti amalonda athu ali ndi jekete yachitatu, yobooka m'zigongono, yotsala ndi batani limodzi, imene imatuluka m'sutikesi kamodzi kokha pa chaka, tsiku lokaonana ndi mlembi wa msonkho.

Makolo athu, pamene msonkho wa nyumba unafika m'dziko muno masiku a Harry Johnston, m'zaka za m'ma 1890, sanavutike ndi zolembalemba: mtengo unali masheleni atatu, ndipo munthu akaona mesenjala wa boma atulukira m'njira, ankangosankha pakati pa kulipira ndi kukwera phiri. Phirilo likadalipo, koma linasiya kubisa anthu. Chiyambire ntchito bungwe la MRA m'chaka cha 2000, wamalonda amadziwika ndi nambala yotchedwa TPIN, ndipo nambala siopa chitunda. Aphunzitsi ndi anamwino alibe nkhawa imeneyi, pakuti wawo msonkho umadulidwa malipiro asanafike m'manja, monga mwanapiye wotengedwa ndi mphamba make asanamalize kuwerenga ana. Koma iye amene ali ndi golosale, lole, kapena nyumba za lendi, lamulo limampatsa masiku 180 chithere chaka chake cha malonda kuti aulule yekha zimene wapeza. Ambiri akanakonda kulola masikuwo apite mwamtendere, chikanapanda chikalata chija chotsimikiza kuti munthu alibe ngongole ya msonkho, chimene amachifuna pa khomo lililonse lopereka ntchito za boma. Motero Zengerezu amalinda kwawukwawu kufikira sabata lomaliza, kenaka amathamanga.

Tsono funso limene limanong'onedwa m'misika, kuyambira kwa Chimbiya mpaka ku Bembeke, n'lakuti: kodi wolemba mafomuwo amalipiritsa zingati? Wina angati, bwanji osapita ku ofesi ya msonkho komweko, kumene kulembetsa nambala n'kwaulere ndipo wosadziwa amamlongosolera? Wonena choteroyo sadziwa mtima wa wamalonda, amene amaona kuti kukafunsa nzeru kumeneko kuli ngati mbuzi kukafunsa njira kwa fisi, ngakhale fisiyo atavala tayi n'kuipatsa mpando.

Alipo akatswiri enieni owerengera chuma ku Lilongwe, olembedwa m'kaundula wa bungwe lawo la ICAM, amene ntchito yawo ilibe banga. Koma iwowa amagulitsa maola monga ife tigulitsira kachewere pa ndowa, kotero kuti munthu wa kwathu, amene sangayambe nkhani asanafunse za kunyumba, za ana, za mvula ndi za mwendo wa agogo, amapezeka kuti wadya theka la ndalama zake ndi moni wokha. Ndiponso samvetsa chifukwa cholipirira makina oziziritsa m'chipinda pamene kwawo kuzizira n'kwaulere. Aliponso anyamata a m'mashopu a fotokope, odziwa kulowa pa Msonkho Online, amene amayamba ndi mtengo wa sweti, kenaka ya bandulo, kenaka ya mafuta a jenereta magetsi akazima, ndipo chaka chamawa ukabwerera upeza mnyamatayo ali ku Johannesburg, nambala yako yachinsinsi ili m'mutu mwake.

Nchifukwa chake mlamu wanga, mwini lole imodzi ndi nyumba zitatu za lendi, amapita kwa mkulu wina wopuma pantchito ya ukalaliki, amene ali ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Ndipo chaka chino anandipempha kuti ndimperekeze, osati chifukwa cha nzeru zanga, koma chifukwa nkhope yanga, mwa mawu ake, imaonetsa umphawi popanda kuumiriza. Galimoto tinaisiya kutali, kuseri kwa msika. Foni yaikulu anaitsekera m'galimotomo n'kutenga kaja komangidwa ndi mphira, anavala jekete yachitatu ija ndi patapata, ndipo tinayenda pang'onopang'ono, iye akuyeseza kutsokomola.

Tinaodira, tinaloledwa. Mkuluyo anatiyang'ana pamwamba pa magalasi, kuyambira kumapazi kukwera, ndipo ndinazindikira kuti kumeneko ndiko kuwerengera kwenikweni, zotsalazo ndi mwambo chabe. Pakuti ngakhale patapata anali wakutha, mapazi anali osalala, a munthu wosaponda fumbi.

"Takulandirani, bwana," anatero.

"Iyayi, bambo, ubwana ndiutenga kuti ine? Ndine mwana wanu," anayankha mlamu wanga, munthu yemweyo amene sabata latha anathamangitsa wantchito chifukwa choiwala kumutchula bwana.

"Nanga galimoto ija mwaiimika padzuwa, bwana, si ipsa utoto?"

Apa mlamu wanga anatsokomola chenicheni.

Anakhuthula malisiti kuchokera m'jumbo, ndipo tebulo linadzaza ndi mbiri ya chaka chonse: ena odyedwa ndi makoswe, ena ofufutika ndi thukuta, ena olembedwa pa chikopa cha thumba la simenti, ndi limodzi limene linali kalata ya kuchipatala. Mkuluyo anawasanja modekha, monga mayi asankhira nyemba, nayamba kufotokoza kuti lamulo limalola kuchotsera zokhazo zimene munthu anawononga pofuna kupeza phindulo, monga mafuta a lole, matayala ndi malipiro a dalaivala. Mlamu wanga anafuna kuti alembenso bokosi la maliro a apongozi, fizi ya ana anayi a mlongo wake, mbuzi ya pa chinkhoswe, ndi ndalama zina zopita ku Lizulu mwezi ndi mwezi zimene sanafune kuzitchula dzina. Zonsezi zinakanidwa mwaulemu, ndipo pa za ku Lizulu mkuluyo anangokweza nsidze n'kulemba kanthu pa kapepala kena, kamene anakaika m'thumba la malaya.

Ndiyenera kumchitira umboni mkulu ameneyu kuti sanama m'mafomu a boma. Iye ndi Zakeyu wotsika kale mumkuyu, ndipo mlamu wanga atampempha kuti lole ija ailembe ngati yakufa, anayankha kuti lole imene imadzutsa mudzi wonse ndi hutala isanakwane folo koloko siingafe papepala pokha. Chimene amagulitsa ndi china, ndipo chinaonekera pofika pa mtengo.

Poyamba panali kukana. Iye anati sangalipiritse mwana wa mnzake, amene anamuona akukwawa. Mlamu wanga anati sangadye thukuta la munthu wamkulu. Ndipo anakankhirana ulemu umenewu uku ndi uku kufikira tiyi atazizira. Kenaka mkuluyo anati, popeza mwaumirira, pangokhala ya inki. Pa ya inki anaonjezapo ya mapepala. Pa ya mapepala, ya magalasi, pakuti malisiti a makoswe amatha maso. Pa ya magalasi, ya chidindo, chimene palibe lamulo lochifuna, koma wamalonda wa pano sakhulupirira pepala lopanda chidindo, ndipo chikamenyedwa mwamphamvu mtima wake umakhala pansi. Zonsezi zinali zazing'ono. Atatha, anavula magalasi, napukuta, nanena motsitsa mawu:

"Yatsala ya pakamwa, bwana."

Pamenepo ndinamvetsa chimene ndinali ndisanachimvetse zaka zonsezi, kuti wamalonda wa kwathu saopa boma monga aopera abale ake. Boma limatenga gawo lake, limapereka lisiti, n'kupita. Koma ana a mlongo akangomva chiwerengero chenicheni cha zimene malume awo apeza pa chaka, amene akhala akulira kuti malonda anafa, amabwera ndi zikwama, ndipo salemba lisiti. Munthu mmodzi yekha m'tauni muno amadziwa chiwerengerocho kufikira tambala yomaliza, ndipo munthuyo amamwa tiyi m'nyumba zambiri, amakhala pa mabwalo a milandu ya mabanja, ndiponso amayankhula pamaliro. Mtengo wake suyezedwa ndi kuchuluka kwa mafomu, koma ndi kukula kwa mbumba ya wolembetsayo. Ndipo mlamu wanga ndi mwini mbumba wa alongo asanu.

"Bambo, ndikulumbira, m'thumba muno mulibe ngakhale tambala," anadandaula.

"Tambala muli naye, bwana. Ndimamumva m'mamawa uliwonse, wamawu abwino, wofiira uja."

Anagwirizana pa mapepala khumi a K2,000, thumba la kachewere wosankha, ndi tambala wofiirayo. Pamene mlamu wanga ankawerenga ndalamazo, zimene zinatuluka m'sokosi ya munthu wopanda tambala, ndinayang'ana nkhope ya John Chilembwe pa pepala lililonse, munthu amene anadzuka mu 1915 chifukwa cha thangata ndi zowawa zina za anthu ake, ndipo ndinaona ngati akuyang'ana kumbali. Pa za ku Lizulu sipananenedwe kanthu, kupatula kuti mkuluyo, potiperekeza pakhomo, anagwira thumba la malaya ake nakumbukira mokweza kuti denga la khitchini yake likudontha, ndipo malata awiri angathandize.

Lamulungu lotsatira kunali pepala sande yomangira nyumba ya abusa. Mlamu wanga anafika pa galimoto, anaiimika pakhomo penipeni pa tchalitchi, atavala jekete yoyamba, nsapato zikuwala, foni yaikulu ili m'manja. Ndipo dzina la mudzi wathu litaitanidwa, ananyamuka akuvina, naponya m'mbale mapepala a K5,000 limodzilimodzi, akudikira nthungululu za amayi pa lililonse, kufikira mpingo wonse unaimirira. Alongo ake asanu anali pa benchi lachiwiri, akuwerenga ndi milomo. Patsogolo, pa tebulo la mlembi wa mpingo, panakhala mkulu wathu uja ndi kaundula wa zopereka. Analemba chiwerengerocho bwinobwino, anayang'ana mlamu wanga pamwamba pa magalasi, kuyambira kumapazi kukwera, kenaka anatulutsa kapepala kaja m'thumba la malaya n'kuwonjezapo mzere umodzi.