Chilembo Chachikulu, Thumba Lobooka

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Makolo ananena mwambiwu ali pansi pa mtengo, koma masiku ano nkhuyu zikupsera m'mafoni.

Kumaiko a azungu kuli akuluakulu ena amene pa chikondi chawo amapangana kuti wina azilamula, wina azimvera. Akamalemberana pa intaneti, wolamula amayamba dzina lake ndi chilembo chachikulu, womvera ndi chaching'ono. Kungoona dzina, wadziwa kale amene amatuma mnzake madzi akumwa. Amenewo tiwaleke, anagwirizana okha.

Nkhani ili kwathu kuno, kumene munthu amadzilonga ufumu popanda womuombera m'manja. Tsegulani Facebook muone anyamata ena a ku Petauke: BIG BOSS, CEO, zilembo zonse zili chilili. Mukakumana naye pokwerera basi, bwana uja akukupemphani K5 ya mabandulo. Kampani yake ili kuti? Ili m'dzinamo.

Tsono imani pa Nyimba, m'mbali mwa Great East Road, pomwe amayi amathamangira mabasi a ku Lusaka ndi ku Chipata atasenza nthochi. Ambiri pa WhatsApp amangolemba kuti amake uje, tizilembo tonse togona. Koma nthochi zomwezo zakhoma malata ndi kutumiza ana ku koleji.

Ngakhale maina obadwa nawo amapusitsa. Alipo a Mabvuto amene khola lawo ladzaza ng'ombe, ndi a Misozi amene kuseka kwawo kumamveka kutsidya la mtsinje. Ku America, mlembi bell hooks, amene anamwalira mu 2021, ankalemba dala dzina lake ndi zilembo zazing'ono kuti anthu ayang'ane zolemba zake, osati iye mwini. Mabuku ake akuwerengedwabe.

Ndipotu chinenero chathu chinaweruza kale mlanduwu. Ulemu wonse timaunyamulira pa kachilembo kakang'ono: a Tembo, a Mumba, a Lungu. Pa mwambo wa Tuwimba, Ansenga amagwadira mfumu yaikulu Kalindawalo popanda kufunsa mmene dzina la mfumuyo limaonekera pa foni.

Choncho inu a malume, mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, musakomedwe ndi zilembo. Tumani munthu kumudzi kwawo akafunse zinthu ziwiri: kodi amalima, nanga ngongole amabweza?