Ulemu upite kwa kachizindikiro ka %

M'chinenero cha SQL, chimene amafunsira maina osungidwa m'kompyuta, muli alonda awiri apachipata. Wina ndi bwana =, mkulu wouma mtima amene salola dzina kudutsa likasiyana ngakhale chilembo chimodzi. Wina ndi kamphawi kotchedwa %, kamene kamayenda ndi mawu akuti LIKE n'kumavomera chilichonse chimene chaima pamalo pake, kaya zilembo khumi, kaya palibe n'chimodzi chomwe. Akatswiri amakanyoza kuti n'kosasamala. Ine ndikuti ku Angónia, boma la ku Tete, kakuyenera kuvekedwa ufumu.

Tiyambire pa dzina la likulu la boma. Atsamunda ankati Vila Coutinho, mapepala a Chipwitikizi amalemba Ulónguè kapena Ulongué, mwini dera akalemba m'chinenero chake amati Ulongwe. Atumeni bwana = kuti akapeze Ulongwe: adzakutulani ku Balaka m'dziko la Malawi, kumene kuli Ulongwe wina, n'kulumbira kuti ku Tete kulibe tauni yotero. Dómuè ndi Domwe kwa iwo ndi midzi iwiri, Calómuè ndi Kalomwe ndi zipata ziwiri. Maina a anthu ndiye osanena. Mlembi wophunzira Chipwitikizi amalemba Chissale, amaika nh pamene ife timaika ny, ndipo mabanja amene anathawira nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu anabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992 ali ndi ana olembedwa mwa kalembedwe ka ku Malawi. Motero mwana wa bere limodzi ndi mnzake amasanduka mlendo m'kaundula. Koma lembani 'Chis%ale', muwaone abalewo akukumbatirana. Lembani 'Ul_ng%', pomwe kamzere kapansiko kakuimira chilembo chimodzi, ndipo Ulongwe yense asonkhana, wa zipewa pamutu ndi wopanda zipewa yemwe.

Odandaula amati kamachedwetsa ntchito. N'zoona: % kakatsogola kumayambiriro kwa mawu, kompyuta imasiya index, mndandanda uja woyalidwa motsatira alifabeti, n'kuyamba kuyendera mzere uliwonse. Komatu kuchedwa kumeneku ndi mwambo. Munthu woleredwa bwino akafika pamaliro salumpha anthu kuti akapereke moni kwa mmodzi amene akumufuna. Amagwira chanza bwalo lonse. Odandaulawo amatinso kamabweretsa alendo osaitanidwa, popeza '%longwe%' amakoka ndi Lilongwe yemwe. Nanga pali vuto lanji? Mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano angakwiye kuti amuonetsa kumene kuli ogula? Kuchotsa mlendo pamndandanda n'kosavuta, koma amene bwana = amukana simudziwa n'komwe kuti analipo.

Ena amati tigwiritse ntchito Soundex, njira yofananitsa maina potengera kamvekedwe, imene Robert Russell anailembetsa mu 1918. Soundex ameneyo anakulira m'maina a Chingerezi ndipo chilembo choyamba sachisintha, choncho Calómuè ndi Kalomwe amawasiya kumbali ziwiri za msewu monga anawapezera. Dandaulo lolemera ndi la kuchipatala ndi kubanki, kumene kusokoneza a Phiri awiri kungapatse wina mankhwala kapena ngongole ya mnzake. Apo ndikugonja: nambala ya chiphaso cha BI ndi ya msonkho ya NUIT tiwasiyire bwana =, aziwerenga manambala awo, poti nambala ilibe mfunda ndipo sinathaweko nkhondo.