Tivule zipewa, mbozi ya m'buku ikudutsa

Pa zokwawa zonse za m'boma la Angónia, chimodzi chokha ndicho chidapatsidwa malo pamwamba pa kabati, pambali pa Baibulo ndi makhadi a kusikelo. Ndikunena mbozi ya m'buku la zithunzi lija lotchedwa The Very Hungry Caterpillar, lomwe Eric Carle adatulutsa ku America mu 1969. Lagulidwa makope oposa 50 miliyoni, lamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 60, ndipo kope limodzi lothothoka chikuto lidalowa m'chikwama cha azakhali ku Dedza, lidadutsa pa Calómuè popanda wolifunsa chiphaso, n'kudzakhazikika kwathu kuno ku Ulongwe. Mlendo wotere sitimulandira titakhala pansi.

Kwa amene simudalione, nkhani yake ndi ya kudya basi. Kambozi kaswa dzira Lamulungu. Lolemba kaboola chipatso chimodzi, Lachiwiri ziwiri, n'kumakwera choncho mpaka Lachisanu malalanje asanu. Loweruka kagwira za paukwati: keke, soseji, tchizi, ayisikilimu, switi, chivwende. Usiku m'mimba mupota. Kutacha kadya tsamba limodzi lobiriwira, kapeza bwino, kadzitsekera m'chikwa, katulukamo gulugufe wamawangamawanga. Mwini malalanje saoneka. Kwa mfumu sikupita mlandu. Ndipo mlembiyo, poona kuti kujambula kokha sikukwanira, adaboola masamba a bukulo mabowo enieni kuti mwana azipisamo chala, azitsata mmene kuononga kudayendera.

Tsono taganizani kumene bukuli lafikira. Ife kuno timadya thukuta la chimanga, mbatatesi ndi kabichi. Mu 2017 minda yathu idalandira ntchemberezandonda yachilendo ija, yomwe kwawo ndi ku America komweko. Dziko limodzi lidatitumizira mbozi ziwiri, ina ya m'munda, ina ya pakabati, ndipo sindikudziwa amene adapemphako ngakhale imodzi. Bambo wamkulu ndi ndevu zake amaswera m'munda ataweramira phesi lililonse, kuthira phulusa ndi mchenga kunsonga momwe mdaniyo amabisala. Ena amawaza msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere zidzamenye nkhondoyo. Madzulo afika pakhomo msana uli thi, asamba m'manja, akuti apumeko, mwana wa zaka zinayi wafika kale ndi buku kukhwapa.

“Ababa, mbozi.”

Ndipo bambo uja amakhala pamkeka, kuyatsa tochi ya foni, kusalaza mawu, n'kuyamba kutamanda mdani wake tsamba ndi tsamba. Ndi chilombo chiti china chidakwanitsa zimenezi? Nyani amaba chimanga chaka ndi chaka koma palibe amamuwerengera ana pogona. Nankafumbwe wamaliza nkhokwe zingati, ndani adamujambulapo akumwetulira?

Ulemu wina ndi wa uphunzitsi. Mwana wathuyu sadayambe n'komwe kupita ku escolinha, kalasi yoyamba adzalowa ali ndi zaka 6, koma masiku a sabata amawatchula bwinobwino, ndipo kuwerenga mpaka zisanu adaphunzira popisa chala m'mabowo. Chilembo sadziwa ndi chimodzi chomwe, komabe ndiye woyang'anira mayeso. Bukuli ndi la Chingerezi, kusukulu kukumudikira Chipwitikizi, pamkeka timalankhula Chinyanja, choncho aliyense amalikamba mmene zithunzi zamulozera. Yesani kufupikitsa poti tulo takugwirani. “Ababa, mwadumpha malalanje.” Mubwerere. Mukafika pa gulugufe n'kutseka buku mokondwa, chigamulo chimakhala chomwe chija cha dzulo ndi dzana: “Tiyambirenso.” M'nyengo ya chisanu cha mu Juni, moto wa pambaula umazima mbozi isanakhute.

Zipatso za maphunzirowa taziona. Tsiku lina m'dimba ndidatola mbozi pa kabichi n'kuifinya, monga achitira munthu aliyense wanzeru zake. Maliro ake adamveka mpaka kumsewu. Ndidayesa kufotokoza kuti zathuzi sizisanduka gulugufe wokongola, kuti ya m'chimanga ija imatuluka kagulugufe kotuwa koyenda usiku, kamene kamaikira mazira mazanamazana kunsi kwa masamba. Woweruza sadamve. Pano pakhonde pali chitini chobooledwa chivindikiro, mkati muli mbozi yonenepa, ndipo tsiku lililonse imapatsidwa tsamba la kabichi wanga yemwe, losankhidwa bwino, lopanda bowo.

Agogo ake okha ndiwo sadagonje. Iwo sawerenga, amangoyang'ana zithunzi, ndipo nkhani amaiyendetsa mokoma kuposa tonsefe. Koma akafika pa tsamba lomwe mbozi yanenepa mpaka kudzaza pepala lonse, amaima, amayang'anitsitsa, n'kunena kuti pamenepa ndiye pofunika mchere ndi tomato. Kwa munthu amene adakulira mphalabungu, kulola ndiwo yotere kusanduka gulugufe ndi kusasamala. Mdzukulu amakuwa, agogo amaseka mpaka kutsokomola, mawa lake amakhalanso pamodzi pa buku lomwelo.

Aneba athu a kuseri kwa mpanda, bambo a anyamata atatu, adandifunsa tsiku lina: “Achimwene, mwana wosadziwa ndi ‘a’ yemwe mukumuwerengera chiyani? Simukuononga batire?” Anyamata awowo ndi amene amadzaza khonde langa dzuwa likamalowa, mphuno zili m'buku. Iwo eni adabweranso kudzalibwereka, ati akaonereko kunyumba. Lidabwerako m'mawa mwake lili lamphumphu, iwo nkhope ili gwa. Pepala lake n'lokhuthala, silipichirika fodya. Apa ndipo pali nzeru zakuya za mboziyi. Makope akale a sukulu a m'dera lino adathera kukulunga zitumbuwa ndi mandasi pamsika, nyuzipepala zidapsa ndi chingambwe, koma buku la mabowo simungakulungire mtedza. Ungatayikire m'njira.

Pamene pamandiwawa m'pakuti mbozi yachilendoyi ikulamulira yokha chifukwa ilibe wopikisana naye. Yendani m'masitolo a pa Ulongwe. Feteleza mumupeza, mankhwala opopera mbatatesi muwapeza, zitenje, matayala a njinga yamoto, makhadi a foni. Funsani buku la zithunzi la mwana wosayamba sukulu, la m'chilankhulo chimene amalotera, muone mmene wogulitsa akuyang'anireni. Chonsecho chigawo chathu cha Tete ndi chimodzi mwa ziwiri, pamodzi ndi Gaza, momwe kuphunzitsa ana m'chilankhulo chawo kudayesedwa kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo chilankhulo chake kuno chidali Chinyanja chomwechi. Ana a nthawi imeneyo lero ali ndi ana awo. Kalulu, Fisi ndi Kamba, amene akhala akugwira ntchito yogoneka ana kuyambira makolo athu asanatsike m'phiri la Domwe, mpaka lero alibe chithunzi choti mwana wa kuno apisemo chala.

Akuti nkhaniyi ikukambidwa. Ndikukhulupirira, chifukwa akuluakulu ena a m'maofesi amaoneka kuti bukuli adaliwerenga bwino kuposa ife. Lolemba msonkhano umodzi, Lachiwiri iwiri, Lachisanu isanu, uliwonse ndi tiyi wake. Loweruka ndiye tsiku la keke ndi soseji, potsekera zokambirana za kufunika kwa mabuku a ana. Akatero amadzitsekera m'hotela ya mumzinda milungu ingapo osaoneka, n'kutulukamo atasanduka, ali m'galimoto yatsopano ya magalasi akuda. Tsamba lobiriwira lija, lochiza m'mimba, amadzalithyola m'madimba mwathu chisankho chikayandikira.